Global Entry, PreCheck, NEXUS kapena SENTRI: iti ingakulandireni ngati munakhalapo ndi mlandu?

Amene anatsikapo ndege ku Washington Dulles m'mamawa, atachokera ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa, amaudziwa mzere wa pa zipata zolowera m'dziko la America. Miyendo yatupa, ana atopa, ndege yopitira ku Chicago yatsala pang'ono kunyamuka, pomwe cha kumbali anthu angapo akungoima pa makina, kuyang'ana kamera, n'kumapita. Amenewo ali m'mapulogalamu omwe boma la America limawatcha Trusted Traveler Programs: amakufufuza kamodzi, ndipo akakhutira nawe amakupatsa njira yachidule kwa zaka 5.

Funso limene ambiri amafunsira kumbali, osati pa gulu la WhatsApp la kumpingo, ndi lakuti: nanga ine amene ndinagwidwapo ndikuyendetsa galimoto nditamwa, kapena ndinagonapo m'chitokosi usiku umodzi kalekale, angandilandire? Zimatengera amene akawerenge mbiri yanu. Bungwe la TSA, loona za chitetezo m'mabwalo a ndege, lomwe limayendetsa PreCheck, lili ndi mndandanda wa milandu wolembedwa, ndipo wanu ukapanda kupezekapo nthawi zambiri mumadutsa. Bungwe la CBP, lolondera malire ndi kasitomu, lomwe limayendetsa Global Entry, SENTRI ndi mbali ya America ya NEXUS, lili ndi mphamvu yokukanani pa mlandu uliwonse, waukulu kapena waung'ono, wa dzana kapena wa zaka 20 zapitazo.

## Zinthu zinayi zoti muyeze musanalipire

Choyamba ndi mapepala anu. Pasipoti ya Malawi payokha singakulowetseni mu Global Entry, chimodzimodzi ya Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa, chifukwa mayikowa sali m'gulu la omwe anapangana ndi America pa nkhaniyi. Ololedwa ndi nzika za America, okhala ndi green card, ndi nzika za mayiko ena monga Britain, Germany, India ndi South Korea. Ndiye nkhani ino ndi ya anzathu amene anakhazikika ku America kapena ku Canada, komanso aja a ku Leeds ndi ku Manchester amene anatenga pasipoti ya Britain. Wobwera pa viza yoyendera kapena ya sukulu, zambiri mwa izi si zake.

Chachiwiri ndi mlandu weniweniwo. Ku America milandu imagawidwa pawiri: felony, yomwe chilango chake chimatha kupitirira chaka m'ndende, ndi misdemeanor, yocheperapo. Dziwani mbali imene wanu unagwera, tsiku limene chigamulo chinaperekedwa, ndi tsiku limene munamaliza chilango chonse, chindapusa ndi probation (nthawi yoyang'aniridwa muli kunja kwa ndende) zomwe. Kumangidwa ndi kupezeka wolakwa ndi zinthu ziwirinso zosiyana. Munthu akhoza kutengedwa ndi apolisi, kudindidwa zala, m'mawa mwake woimira boma n'kuusiya mlanduwo. TSA ikaona umboni woti nkhani inathera pomwepo, siivutika nayo. Ofesala wa CBP akhoza kuifunsabe.

Chachitatu ndi maulendo anu. Amene amapita kumudzi kamodzi pa zaka 3 koma amakwera ndege pakati pa Dallas ndi Seattle mwezi ndi mwezi, chimene chimamudyera nthawi ndi mzere wofufuza zikwama ponyamuka, osati zipata zolowera m'dziko. Ambiri amathamangira Global Entry chifukwa ndi yotchuka, chonsecho chimene akusowa ndi PreCheck.

Chachinayi ndi chimene mungataye. Akakukanani, ndalama yolembetsera sabweza. Kwa nzika ya America, kuluza kumathera pamenepo. Kwa wa green card kukhoza kupitirira, ndipo zimenezo zili ndi gawo lakelake kutsogoloku.

## Onani kaye zimene iwo akaone

Musanadzaze fomu iliyonse, itanitsani mbiri yanu ku FBI. Amaitcha Identity History Summary, imagulidwa $18, ndipo pamafunika zidindo za zala. Pepala limeneli limadabwitsa ambiri: kawirikawiri limasonyeza tsiku limene munthu anamangidwa ndi mlandu umene anamumangira, koma pa malo olemba mmene unathera pali mbee. Ofesala akaona malo opanda kanthuwo saganiza kuti mlandu unathetsedwa. Amadikira kuti inu mubweretse umboni.

Umboniwo uli ku khoti komwe mlandu unazengedwera. Mumapita pa windo la kalaliki wa khoti, kapena kulemba kalata ngati munasamuka, n'kupereka dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya mlandu ngati mukuikumbukira. Mukalipira madola ochepa amakupatsani pepala lokhala ndi chidindo cha khoti, lotchedwa certified disposition, losonyeza mlandu, chigamulo ndi chilango. Akanena kuti fayilo ndi yakale anaiwononga, apempheni alembe kalata yonena zomwezo, nayo adinde.

Milandu ya kunja nayo imawerengedwa, popeza fomu imafunsa za America ndi dziko lina lililonse. Wa ku Malawi, chikalata cha police clearance chimachokera ku likulu la apolisi ku Area 30 mu Lilongwe, ndipo chigamulo mukachifunse ku khoti la majisitireti lomwe linaweruza. Tumani m'bale nthawi ikadalipo. Amene munadzera ku Joni musanawoloke nyanja, kumbukirani ziwiri. Chindapusa chovomera kulakwa, chija munthu amalipira pa polisi kuti atuluke msanga, chimatha kulowa m'kaundula wa milandu wa ku South Africa ngakhale simunaimepo pamaso pa majisitireti. Ndipo ngati masiku anakutherani n'kudindidwa kuti undesirable (wosafunika m'dziko) potuluka, kumeneko ndi kuphwanya malamulo a olowa ndi kutuluka a dziko lina, chinthu chimene malamulo a Global Entry amachitchula. Ku Britain, mlandu umene lamulo la 1974 limati spent umakhala wafufutika pamaso pa olemba ntchito a komweko, koma boma la America silimangidwa ndi lamulo limenelo.

## Global Entry

Mtengo. $120 kwa zaka 5, kuyambira pa 1 Okutobala 2024; kale inali $100. Ana osakwana zaka 18 salipira ngati kholo lili kale m'pulogalamuyi kapena likulembetsa nawo limodzi. PreCheck imabwera mkati momwemo. Nzika za Britain zimayamba zalipira £42 ku boma lawo kuti liwafufuze, kenako $120 ija. Makhadi ena a ngongole amabweza ndalamayi, koma musatsegule khadi lodula pachaka chifukwa cha zimenezo zokha.

Kupezeka. Fomu imadzazidwa pa intaneti. Akakuvomerezani koyamba, mumasungitsa tsiku la intavyu pa ofesi yolembetsera, ndipo maofesi ambiri ali m'mabwalo akuluakulu a ndege. Wopanda mbiri iliyonse amatha kuyankhidwa m'masiku ochepa. Wokhala ndi mlandu, fayilo yake imapita kwa munthu kuti aiwerenge, ndipo imatha kugona miyezi yambiri. Palinso njira yochitira intavyu pomwe mukutsika ndege kuchokera kunja, ya Enrollment on Arrival. Kwa wopanda nkhani ndi yabwino. Kwa inu amene muli ndi zofotokoza, ine sindingakulangizeni: mwakhala usiku wonse m'ndege, mutu ukuwawa, mapepala a khoti mwina ali m'chikwama chachikulu chomwe simunachitenge. Sungitsani tsiku, mupite mutapuma, envelopu ili m'manja.

Kusamalira. Kuvomerezedwa si mapeto a kufufuzidwa. CBP imayang'anabe mayina a mamembala zaka zonse 5, ndipo kumangidwa kwatsopano kumatha kuchotsetsa munthu mlandu usanafike n'ku khoti komwe. Pasipoti ikasintha, sinthani mu akaunti yanu. Mukhoza kuyamba kuwonjezera nthawi kutatsala chaka, ndipo mukatero umembala usanathe mumapitiriza kuugwiritsa ntchito mpaka miyezi 24 podikira yankho.

Koma chimene chimagwetsa anthu a kwathu kawirikawiri si apolisi, ndi chikwama. Amayi akulongedzerani usipa, ufa, mtedza, nandolo, therere louma. Mlamu wa ku Joni waikamo biltong. Zina mwa izi zimaloledwa, nyama ndi zipatso zaziwisi nthawi zambiri ayi, koma lamulo lake ndi limodzi: nenani zonse zimene mwanyamula, ofesala asankhe yekha. Wonena amangolandidwa zoletsedwazo. Wobisa amalipira chindapusa n'kutaya umembala. Mu 2018 mayi wina wochokera ku Paris analipitsidwa $500 ndi kuchotsedwa mu Global Entry chifukwa cha apulo mmodzi amene anapatsidwa m'ndege n'kumusunga m'chikwama.

Zoopsa. Apa ndi pamene mwambi uja wakuti mlandu suola umagwira ntchito. Malamulo amalola CBP kukana munthu amene anamangidwapo kapena kupezeka wolakwa pa mlandu uliwonse, kuyendetsa galimoto ataledzera kuli momwemo. Ikhozanso kukana amene ali ndi mlandu umene ukadali m'khoti kapena akufunidwa ndi apolisi. Amene anaphwanyapo malamulo a kasitomu, a olowa ndi kutuluka, kapena a zaulimi m'dziko lililonse. Ndiponso amene sanawakhutiritse kuti ndi wosadetsa nkhawa. Mudzamva anthu akunena kuti mlandu umodzi waung'ono ukapitirira zaka 10 sauwerengeranso. Alipo amene amadutsa motero, koma m'malamulo olembedwa mulibe zaka zimenezo. Anthu awiri a mlandu wofanana akhoza kulandira mayankho osiyana, ndipo wokanidwayo alibe ndime yoti alozepo chala.

Intavyu yake ndi yaifupi. Ofesala amakujambulani, amatenga zidindo za zala, amafunsa za ntchito ndi maulendo anu, kenako amafunsa ngati munamangidwapo. Pofunsapo, yankho amakhala akuliona kale pa kompyuta. Chimene akuyesa ndi inu. Loya wanu mwina anakuuzani kuti mlandu unafufutidwa, kuti pofunsira ntchito mukhoza kuyankha kuti ayi. Zimenezo ndi zoona kwa bwana wa pa kampani, osati kwa boma la federo, lalikulu la dziko lonse la America, lomwe limatha kuona ngakhale zofufutidwa. Kupereka mayankho abodza kapena osakwanira ndi chifukwa chokanira pachokha, ndipo kunamiza ofesala wa federo ndi mlandu wina watsopano. Ndi bwino kukanidwa chifukwa cha DUI (mlandu woyendetsa galimoto utaledzera) ya 2011 kusiyana ndi kukanidwa chifukwa cha bodza la chaka chino, popeza choyambacho chimakalamba.

Akakukanani, kalata imabwera mu akaunti yanu, nthawi zambiri ndi chifukwa cha mzere umodzi. Momwemo muli batani lopemphera kuti aunikenso, ndipo pempholo limapita kwa Ombudsman, woona madandaulo a mapulogalamuwa. Lembani m'Chingerezi: tsiku limene anakukanani, chifukwa chimene anapereka, zimene zinachitika mwachidule, ndipo muikepo mapepala a khoti a mlandu uliwonse, wofufutidwa womwe, ali mu PDF. Musadzaze masamba ndi madandaulo a mmene wapolisi anakulakwirani. Tsamba limodzi losonyeza kuti munamaliza chilango ndipo simunabwerezenso limalankhula bwino.

## TSA PreCheck

Mtengo. Pakati pa $76 ndi $85 kwa zaka 5, malinga ndi kampani imene mwalembetsera. Zilipo zitatu, IDEMIA, Telos ndi CLEAR. Kuwonjezera nthawi pa intaneti kumatsikirapo.

Kupezeka. Nzika za America ndi a green card. Malo olembetsera ndi ambiri kuposa a Global Entry, ena ali m'masitolo a m'tauni momwemo, ndipo ntchito yake ndi ya mphindi zochepa: zidindo za zala, chithunzi, kuonetsa ziphaso. Palibe ofesala wa malire wokufunsani mafunso. Ambiri amalandira nambala yawo pasanathe sabata.

Kusamalira. Nambala imene amakupatsani, ya KTN, muziilemba nthawi iliyonse mukugula tikiti, ndipo dzina la pa tikiti lifanane ndi la pa kalembera. Amene muli ndi mayina atatu kapena anayi, kapena munasintha dzina pokwatiwa, samalani pamenepa. Phindu lake ndi mzere waufupi, laputopu ndi timabotolo kukhala m'chikwama, lamba ndi jekete yopepuka osavula. Za nsapato si phindu lapaderanso, chifukwa kuyambira Julayi 2025 TSA inasiya kuvulitsa nsapato anthu onse. PreCheck imathandiza ponyamuka basi; pobwera kuchokera kumudzi mudzaimabe pa mzere wa aliyense.

Zoopsa. Ubwino waukulu wa PreCheck kwa munthu wa mbiri ndi wakuti mukhoza kudziwa yankho musanalipire, chifukwa mndandanda uli poyera. Pali milandu yotsekera khomo mpaka kalekale: ukazitape, kuukira boma, uchigawenga, kupha munthu mwadala, za mabomba ndi zophulika, kunyamula katundu woopsa mophwanya malamulo. Pali ina ya felony yotsekera kwa kanthawi, ngati munapezeka wolakwa m'zaka 7 zapitazi kapena munatuluka m'ndende m'zaka 5 zapitazi: mfuti zosaloledwa, chinyengo ndi kugwiritsa ntchito dzina la wina, ziphuphu, kuzembetsa katundu, kugulitsa mankhwala ozunguza bongo, kuotcha nyumba, kuba munthu, kugwirira, kuba moopseza, kuphwanya malamulo a olowa ndi kutuluka. Zaka zikakwana, khomo limatseguka. Amene ali ndi mlandu wotere womwe ukadali m'khoti adikire uthe.

Taonani zimene palibe: DUI wamba palibe, kupezeka ndi chamba chosuta wekha palibe, kuba kanthu m'sitolo kapena ndewu imene inathera pa misdemeanor palibenso. Ndiye chifukwa chake anthu ambiri okanidwa Global Entry amalandiridwa ku PreCheck popanda vuto. Ndi mafomu awiri, mabungwe awiri. Komabe TSA inadzisiyira mpata wokana munthu wa milandu yambirimbiri, wa mlandu woopsa wosalembedwa pa mndandanda, kapena amene anakhala m'ndende masiku opitirira 365 motsatizana. Ndipo amene anagwidwapo ndi mfuti m'chikwama pa chipata cha bwalo la ndege, ngakhale atanena kuti anaiwala, amatha kuchotsedwa mpaka zaka 5.

Akapeza chokayikitsa amakulemberani kalata, ndipo muli ndi masiku 60 oti muyankhe. Mpata umenewu ndi wokonza zolakwika m'mbiri, monga mlandu wolembedwa felony pomwe khoti linautsitsa. Si wopempha chifundo.

## NEXUS

Mtengo. $120 kwa zaka 5. Inali $50 mpaka Okutobala 2024, ndipo nthawi imeneyo ndiyo inali yotsika mtengo pa anayiwa. Imabwera ndi PreCheck komanso mwayi wogwiritsa ntchito makina a Global Entry.

Kupezeka. Ndi ya malire a America ndi Canada, ya nzika ndi okhazikika a mayiko awiriwa. Wokhazikika amayenera kukhala atakhalamo zaka 3. Maofesi ake ali kufupi ndi malire, monga Blaine, Detroit ndi Niagara Falls. Wa ku Seattle kapena ku South Bend angafikeko pa galimoto, wa ku Atlanta ndi ulendo.

Kusamalira. Monga Global Entry, koma malamulo ndi a mayiko awiri. Aliyense m'galimoto akhale ndi khadi lake, ana omwe. Kulowa mu mseu wa NEXUS ndi mlendo wopanda khadi kumalanditsa lanu.

Zoopsa. Mayiko onse awiri ayenera kuvomera, limodzi likakana zatha. Ndipo Canada ndi yolimba pa mowa kuposa mmene ambiri amaganizira. Kuyambira pa 18 Disembala 2018, chilango chachikulu cha kuyendetsa galimoto utaledzera chinakwera kufika zaka 10 m'ndende, ndipo izi zinauika m'gulu la milandu yoopsa pa malamulo awo a olowa m'dziko. DUI imene khoti la ku Indiana linaitcha misdemeanor, a Canada amaiyeza ndi lamulo lawo. Mlandu umodzi wochepa, pakapita zaka 10 chimalizireni chilango, munthu amatha kuonedwa kuti anasintha popanda kupempha. DUI yochitika Disembala 2018 itadutsa ilibe mwayi umenewo. Njira yake ndi kupempha criminal rehabilitation ku boma la Canada, patatha zaka 5 chimalizireni chilango chonse. Ndiye kwa munthu wotere funso la NEXUS ndi lachiwiri. Loyamba ndi lakuti kodi ukwati wa msuweni ku Toronto uja mukafikako, kapena akakubwezerani pa mlatho.

## SENTRI

Mtengo. $120 kwa zaka 5. Kupezeka. Ndi ya owoloka malire a Mexico pa galimoto kapena wapansi, ndipo maofesi ali ku California, Arizona ndi Texas, monga Otay Mesa, Nogales, El Paso ndi Laredo. Iyi yokha sifunsa kuti ndinu nzika ya kuti, malinga muli ndi chilolezo cholowera ku America. Kusamalira. Galimoto nayo imalembetsedwa, ndipo chilichonse chopezekamo ndi chanu. Zoopsa. Woweruza ndi CBP yemweyo, pa malire amene amawalondera kwambiri chifukwa cha mankhwala ozembetsa. Amene wakanidwa Global Entry asaganize kuti kuno kuli khomo la kuseri.

Oyendetsa mathiraki odutsa malire ali ndi yawo, FAST, ya $50 kwa zaka 5. Kafufuzidwe kake ndi ka CBP, ndipo wa njira ya Canada amafufuzidwa ndi mayiko onse awiri.

## Mobile Passport Control

Iyi si pulogalamu ya anthu ofufuzidwa, koma ndaiika pano chifukwa ambiri a mbiri ndi imene ikuwayenera.

Mtengo. Yaulere. Kupezeka. Ndi pulogalamu ya pa foni ya CBP, ya nzika za America, a green card, nzika za Canada zobwera kudzayenda, ndi obweranso pa ESTA (chilolezo cholowera ku America popanda viza), monga a pasipoti ya Britain. Palibe fomu yolembetsera, palibe intavyu, palibe kudinda zala pasadakhale. Ndege ikatera mumadzijambula, kuyankha mafunso a kasitomu, n'kulowa pa mzere wakewake m'mabwalo amene aliko, ndipo banja lonse limalowa pa foni imodzi. Kusamalira. Foni ikhale ndi moto, basi. Zoopsa. Sibisa kanthu. Mumaonanabe ndi ofesala, mbiri yanu amaiona monga kale, ndipo amene amatengeredwa ku chipinda chofunsira mafunso ena adzatengeredwabe. Tsiku lina mzere wake umathamanga ngati wa Global Entry, tsiku lina ayi.

CLEAR Plus, ija amaitsatsa ndi anyamata a mayunifolomu pa bwalo la ndege, ndi ya kampani, pafupifupi $200 pachaka. Ntchito yake ndi kutsimikiza kuti ndinu ndani n'kukupititsani kutsogolo kwa mzere. Pa zipata zolowera m'dziko ilibe gawo, ndipo kwa woyenda kangapo pachaka ndi kutaya ndalama.

## Wa green card, imani kaye apa

Nzika ya America singaletsedwe kulowa m'dziko lake. Wa green card akhoza. Malamulo a olowa ndi kutuluka amati wokhazikika amene anapalamula milandu ina, makamaka ya mankhwala ozunguza bongo ndi ija ya kuba kapena chinyengo, akatuluka m'dziko n'kubwerera amaonedwa ngati akupempha kulowa mwatsopano. Kwa malamulo amenewa, kuvomera mlandu n'kupatsidwa probation kumawerengedwa ngati kupezeka wolakwa ngakhale khoti la m'chigawo linadzauthetsa pambuyo pake, ndipo kufufutitsa nthawi zambiri sikusintha kanthu.

Chamba ndi chimene chimakola ambiri. M'zigawo zambiri amachigulitsa m'sitolo, koma ku federo ndi choletsedwabe. Amene anapezeka nacho kamodzi, chosapitirira magalamu 30, chosuta yekha, lamulo silimuthamangitsa ali m'dzikomo. Koma chitetezo chimenecho sichimutsatira akatuluka n'kubwerera. Munthu wotere akalembetsa Global Entry, wanyamula yekha fayilo yake kukaiika pa tebulo la bungwe lomwe lili ndi mphamvu yomuyambitsira mlandu ku khoti la olowa ndi kutuluka. Kuvomera pa intavyu kuti munasutapo, ngakhale simunamangidwepo, nako kumalembedwa.

Wa green card aliyense amene anadindidwapo zala ku polisi aonane ndi loya wa imigireshoni, osati loya wa milandu wamba amene anamuimira poyamba, asanadzaze fomu ya CBP komanso asanagule tikiti ya kumudzi. Ndalama ya kukambirana naye ola limodzi ikhoza kuposa $120, koma chimene chili pa chiswe apa si mzere wa pa bwalo la ndege.

## Ndiye mutenge iti?

Ndinu nzika ya America, munamangidwa kamodzi ndipo mlandu unathetsedwa: tengani mapepala a khoti, lembetsani Global Entry, nenani zonse. Mwayi wanu ndi wabwino, ndipo akakana pemphani aunikenso.

Ndinu nzika, muli ndi misdemeanor imodzi yakale, monga DUI ya zaka zoposa 10, ndipo kunja mumapita kawiri kapena katatu pachaka: yesani Global Entry ngati $120 singakupwetekeni itapita. Ngati mlanduwo ndi wa zaka zochepa zapitazi, tengani PreCheck ndi Mobile Passport Control, mudzayese zaka zikachuluka.

Muli ndi felony ya pa mndandanda wa kanthawi wa TSA: werengani zaka 7 kuchokera pa chigamulo ndi zaka 5 kuchokera potuluka m'ndende, zonse zikakwana lembetsani PreCheck. Global Entry musaiwerengere.

Mlandu wanu ukadali m'khoti, kapena pali chikalata chokumangani chomwe simunachikonze, ngakhale cha kulephera kukaonekera ku khoti: pitani mukathane nazo kaye.

Mumakhala kufupi ndi Canada ndipo muli ndi DUI: yambani ndi kukonza zolowera ku Canada, NEXUS ibwere pambuyo. Wopanda mlandu wa mowa amene amawoloka kawirikawiri, NEXUS ikumupatsa zambiri pa mtengo womwewo wa Global Entry.

Muli ndi pasipoti ya Britain ndipo munakhalapo ndi mlandu, ngakhale wa spent: itanitsani chikalata cha ACRO, cha mbiri yanu ku polisi ya Britain, muone zimene zalembedwa, ndipo muyambe mwatsimikiza ngati mukuyenera kuyenda pa ESTA kapena pa viza. Amene analowa ku America ndi chikhululukiro chapadera cha waiver, Global Entry samulandira.

Muli ndi green card ndi mbiri iliyonse ya ku polisi: loya choyamba. Akakuuzani kuti kuyenda kulibe vuto, PreCheck ndi Mobile Passport Control zikukwanirani mpaka mutalumbira unzika.